Malo a makolo ndi umboni wapakamwa ku Milange

M'nthawi ya Apwitikizi, makampani anatenga malo ambiri ku Zambezia n'kudzalamo tiyi, monga ku Gurué ndi m'munsi mwa phiri la Tumbine ku Milange. Anthu ankagwira ntchito yokakamizidwa, ndipo Alomwe ambiri anathawira ku Nyasaland. Dziko litalandira ufulu mu 1975, boma la Frelimo linalamula kuti nthaka yonse ndi ya boma, ndipo linalanda mafumu mphamvu ponena kuti ankatumikira atsamunda. Manda, nkhalango zothirira nsembe ndi mapiri opatulika monga Namuli zinatsala zopanda pepala lozitchinjiriza.

Zinthu zinasintha mu 1997. Lamulo la Nthaka linavomereza kuti mudzi wokhala pamalo motsatira mwambo uli ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo ngakhale ulibe chikalata, komanso kuti umboni wapakamwa wa anthu am'mudzimo ndi wovomerezeka. Mu 2000 boma linazindikiranso mafumu.

Umboniwo akuluakulu amausunga m'Chichewa kapena m'Chilomwe. Mwana wophunzira kulemba mayina a mitsinje, manda ndi malire m'chinenero chake ndiye adzauteteze akuluakuluwo akadzatsikira kulichete.