Kawerengedwe ka kutentha kotuluka mankhwala akasakanizana

Laimu wowotcha akathiridwa madzi amafuka nthunzi, asidi akakumana ndi soda wopangira sopo chikho chimafunda, ndipo makala akamayaka pambaula nyemba zimapsa. Zonsezi ndi kusintha kwa zinthu komwe kumatulutsa mphamvu, komwe m'phunziro la Chemistry amati exothermic reaction. Mphamvuyo siioneka ndipo palibe sikelo yoiyezera. Chomwe akatswiri amachita ndi kuilowetsa m'madzi odziwika kulemera kwake, n'kuona kuti madziwo afunda ndi madigiri angati. Chipangizo chochitira zimenezi ndi calorimeter.

M'Chichewa mawu oti kutentha amasenza zinthu ziwiri zosiyana, ndipo apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. China ndi mlingo womwe thermometer imaonetsa m'madigiri, china ndi kuchuluka kwa mphamvu, komwe kumawerengedwa m'ma joule. Kapu ya tiyi wowira ili ndi madigiri ambiri kuposa mgolo wa madzi ofunda osamba, komabe panafunika nkhuni zambiri kuti mgolowo ufunde. Yemwe anaika poyera kusiyanaku ndi Joseph Black wa ku Scotland m'zaka za m'ma 1760.

Lamulo lake ndi lalifupi: Q = m × c × ΔT. Chilembo Q chikuimira mphamvu yomwe madzi alandira, m ndi kulemera kwa madziwo m'magalamu, pomwe ΔT ndi kusiyana kwa madigiri omaliza ndi oyamba. Chilembo c ndi mphamvu yofunika kuti galamu imodzi ya chinthu ifunde ndi digiri imodzi. Ya madzi ndi ma joule 4.18, ngakhale mabuku ambiri akusekondale amangoti 4.2. Nambalayi ndi yaikulu poyerekeza ndi ya chitsulo, yomwe ili pafupifupi 0.45, n'chifukwa chake poto amatentha msanga madzi ali m'katimo akadali ozizira.

Chitsanzo chodziwika m'ma labotale ndi cha asidi wa hydrochloric ndi sodium hydroxide. Wophunzira amathira mamililita 50 a asidi m'kapu ya polystyrene, n'kuonjezera mamililita 50 a sodium hydroxide, zonse za mphamvu ya mole imodzi pa lita. Ngati zonse zinayamba pa madigiri 24.0 n'kukafika pa 30.8, ndiye kuti ΔT ndi 6.8. Popeza zosakanizazo ndi madzi okhaokha pafupifupi, mamililita 100 amatengedwa ngati magalamu 100. Kuchulukitsa 100 ndi 4.18 ndi 6.8 kumapereka ma joule 2,842, kapena kuti ma kilojoule 2.84.

Yankho limeneli ndi la kapu imeneyo yokha, ndipo wina atathira asidi wochuluka angapeze nambala ina. Kuti zotsatira zifanane kulikonse, mphamvuyo imagawidwa ndi kuchuluka kwa mankhwala omwe agwira ntchito. Mamililita 50 aja ali ndi mole 0.05 ya asidi, choncho 2.84 kugawa ndi 0.05 ndi ma kilojoule pafupifupi 57 pa mole, nambala yomwe imapezeka asidi wamphamvu aliyense akakumana ndi alkali wamphamvu. Polemba, amati ΔH = −57 kJ/mol. Chizindikiro chochotsera chikusonyeza kuti mankhwalawo ndiwo ataya mphamvu yomwe madzi alandira, ndipo kuchiiwala kumadyetsa malikisi pamayeso ngakhale masamu onse atalondola.

Cholakwika china chofala ndi kuika kulemera kwa chinthu chomwe chawotchedwa pamalo pa m. Thermometer inali m'madzi, ndiye m ndi wa madzi.

Koma vuto lalikulu silili m'masamu. Lamuloli limaganiza kuti mphamvu yonse yalowa m'madzi, pomwe ina imafunditsa chikho, ina imathawira mumpweya. Pa asidi uja zotayika ndi zochepa chifukwa polystyrene salola kutentha kudutsa, makamaka kapu ikavundikiridwa. Poyatsa moto nkhani imasintha. Galamu imodzi ya ethanol, yemwe ku Malawi amapangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa n'kusakanizidwa ndi petulo, imatulutsa ma kilojoule pafupifupi 29.7 ikapsa yonse. Wophunzira akaiwotcha pansi pa chitini cha madzi okwana magalamu 200 n'kuona akwera ndi madigiri 20, masamu amupatsa ma kilojoule 16.7 okha. Otsalawo apita ndi mphepo, ndipo mwaye wakuda kunsi kwa chitini ndi umboni woti mafuta ena sanapse bwino. Choncho yankho la moto wapoyera limakhala lotsika kawirikawiri, ndipo wonena kuti wapeza nambala ya m'buku ndendende ayenera kufunsidwa bwino.

Kulimbana ndi kutayika kumeneku ndi kwakale. Cha m'ma 1782 ndi 1783, Antoine Lavoisier ndi Pierre-Simon Laplace a ku France anazinga chipangizo chawo ndi madzi oundana n'kumayeza omwe asungunuka. Lero zimadziwika kuti galamu imodzi ya madzi oundana imafuna ma joule 334 kuti isungunuke. Anaikamo ngakhale mbira yamoyo, n'kusonyeza kuti kupuma kwa nyama ndi kuyaka kwapang'onopang'ono. Patapita zaka pafupifupi 100, Marcellin Berthelot anakonza bomb calorimeter, chibotolo cholimba chachitsulo chodzazidwa ndi mpweya wa oxygen, chomwe chimamizidwa m'madzi ndipo chinthu cha m'katimo chimayatsidwa ndi magetsi. Asanayambe kuchigwiritsa ntchito amawotchamo benzoic acid, yemwe mphamvu yake ndi yodziwika, kuti adziwe gawo lomwe chitsulocho chimameza.

Ndi chipangizo chotere makampani amayeza malasha asanagwirizane mtengo, ndipo manambala a mphamvu olembedwa pamapaketi a zakudya anachokera ku miyeso yomweyi, atachotsapo zomwe thupi siligaya. Kilocalorie imodzi ndi ma kilojoule 4.184. Galamu ya mafuta imawerengedwa ma kilocalorie 9, pomwe ya shuga, sitalichi kapena mapuloteni ndi 4.