Pakati pa nkhawa ndi misala

Mayi wothyola tiyi wa kwa Khwethemule ku Thyolo akamadwala maganizo sanena choncho kuchipatala. Amati mtima ukuthamanga, mutu ukulemera, tulo sakuliona. Akamuyeza malungo ndi BP n'kupeza zonse zili bwino, amabwerera ndi panado, pomwe wakatapila amene adamubwereka ndalama ntchito itaduka m'chilimwe akumudikira pakhomo.

Mawu omwe timadalira ndi awiri otalikirana kwambiri. Nkhawa timati n'zakanthawi, limba mtima. Misala ndiye ulendo wa ku Zomba Mental Hospital ndi manyazi pabanja. Ambiri amene akuvutika ali pakati pa mawu awiriwa, ndipo poopa lachiwirilo amangokhala chete.

Komatu thandizo lilipo. Chithandizo chotchedwa CBT, chomwe dokotala wa ku America Aaron Beck adachikhazikitsa m'zaka za m'ma 1960, chimasiyanitsa zinthu zitatu: ganizo, mmene thupi ndi mtima zikumvera, ndi zochita. Taonani mantha ogwira mwadzidzidzi. Mtima wagunda, ganizo likuti "ndikufa", manthawo akukula, mtimawo ukuthamangiratu. Munthu amaphunzira kuligwira ganizolo n'kulifunsa: ulendo watha uja lidanenanso chomwechi, kodi ndidafa? Wokhumudwa kwa nthawi yaitali naye amasiya kwaya, banki m'khonde, ngakhale kusamba, podikira kuti mtima ufune kaye. CBT imati ayambe ndi kochepa mtima usanafune, chilakolako chimabwera pambuyo.

Thandizo lotere silidikira dokotala nthawi zonse. Ku Mbare, mumzinda wa Harare, Dixon Chibanda adayambitsa Friendship Bench mu 2006. Adaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi kunja kwa chipatala n'kumvetsera. Iwo sankatchula matenda. Ankati kufungisisa, kuganiza kwambiri, mawu omwe nafenso timanena popanda manyazi. Gogoyo sapereka malangizo. Wovutikayo amayala mavuto ake onse, n'kusankha limodzi loti ayambe nalo sabata imeneyo, kenako amalowa m'gulu la anzake omwe adadutsamo. Njirayi yayesedwanso m'zipatala zina za kuno ku Malawi, ndipo kwa ife si yachilendo, poti magulu a anthu omwe ali ndi HIV adatiphunzitsa kale kukhala pamodzi n'kuuzana zoona.

Benchi silikweza malipiro a kuesiteti, ndipo tisalisenzetse katundu amene si wake. Komanso mnzako akanena kuti moyo wamukwana, mufunse mosazungulira ngati akuganiza zodzipha. Akavomera, usamusiye yekha. Pita naye tsiku lomwelo ku chipatala cha boma cha Thyolo kapena ku Malamulo.