Mbiri ya Zipolopolo Ziwiri za Alenje

Lero tikambe za zipolopolo ziwiri: cina cinafa pa malonda, cina cikali moyo.

Coyamba ndi .280 Ross, cimene cinaturuka ca m'ma 1906, ca mfuti za ku Canada za Sir Charles Ross. Cinali copepuka ndi caliwiro lodabwitsa, ndipo ophera nyama patali anacikonda. Koma mu 1911 George Grey, yemwe uja anafika pa mkuwa wa Kansanshi mu 1899, anaombera naco mkango ku Kenya. Zipolopolo zinaphwanyika zisanalowe m'kati. Mkango unamgwira, namwalira ku Nairobi. Mbiriyo inawanda pakati pa alenje. Pambuyo pace mfuti za Ross zinabvuta asilikari m'matope a nkhondo yoyamba, boma la Canada linatenga fakitale mu 1917, ndipo pang'onopang'ono cipolopoloco cinasowa m'masitolo.

Caciwiri ndi .375 H&H, ca Holland & Holland a ku London, ca 1912. Ici ncolemera, cosathamanga kwambiri, koma cimaboola cikopa ndi mafupa a njati. Eni ace analola ena kucipanga: a Western ku America anayamba mu 1925, ndipo a Winchester anaciika m'mfuti yao ya Model 70, yotsika mtengo kuposa za ku London. Kufikira lero cikugulidwabe.

Liwiro linakopa ogula poyamba, koma mlenje woyang'anizana ndi cirombo amagula cimene cidzamfikitsa kwao wamoyo.