Kuyendera Zopangidwa M'makomo mu Mzinda wa Blantyre

Zopangidwa m'makomo ndi katundu amene anthu amakonzera panyumba kuti agulitse, monga thobwa, mandasi, zitumbuwa, chiponde, mafirizi, sopo, kachasu, mbaula ndi zidebe. Mu Blantyre ntchitoyi ndi yofala ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri, ndipo zakudya ndi zakumwa zambiri amakonza ndi amayi.

Nthambi zitatu zili ndi udindo woonetsetsa kuti katundu wotere ndi kapangidwe kake zisavulaze anthu. Khonsolo ya mzinda imayendera malo okonzera chakudya potsatira lamulo la zaumoyo la Public Health Act la 1948. Unduna wa Zantchito umatsata lamulo la 1997 loteteza moyo wa anthu pantchito. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, limayeza katundu ndi kupereka chidindo chake.

Malamulowa amagwira bwino pamene pali fakitale. Ku Maselema, m'mbali mwa msewu wa Masauko Chipembere pakati pa Chichiri ndi Limbe, kampani imakhala ndi chipata, chikwangwani ndi chiphaso, choncho woyendera amadziwa pofikira komanso womufunsa. Kukhitchini ya ku Bangwe kulibe zonsezi. Thobwa amaphika usiku, n'kulithira m'mabotolo otola omwe atsukidwa ndi madzi apachitsime kapena apakiyosiki, ndipo kukamacha amakhala ali kale pamutu kupita kumsika wa Limbe. Ena mwa ogula ndi omwe amagwira ntchito m'mafakitale oyenderedwa aja, pa nthawi ya nkhomaliro. Amene amafikadi m'makomo ndi alangizi a zaumoyo, koma ntchito yawo yaikulu ndi katemera, sikelo ya ana ndi kugawa klorini.

N'chifukwa chake akuluakulu amakonda kudzidzimuka matenda atabuka kale. Kolera yomwe inayamba mu Malichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa, ndipo kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu kunaletsedwa. Chiletso chotere chimagwira wogulitsa pamsewu, pomwe mphika ndi madzi zili kunyumba.

Vuto lina silioneka ndi maso. Mtedza wosauma bwino umachita chuku, chomwe chimatulutsa poizoni wa aflatoxin woyambitsa khansa ya chiwindi. Kukazinga sikuthetsa poizoniyu, ndipo mtedzawo ukaperedwa kukhala chiponde, kupimitsa ku labotale ndiko kokha kungaonetse kuti alimo.