Mbumba ndi Funso la Imfa

Mangochi kale ankatchedwa Fort Johnston, dzina la linga lomwe Angerezi anamanga m'mbali mwa Shire mu 1891. Koma ine ndikamaganiza za mbiri ya kuno, maso anga ali pa anthu amene anakhala pamphasa n'kumvetsera Ayao akulankhula.

Woyamba ndi Yohanna Abdallah, wansembe wa mpingo wa Anglican, yemwe buku lake la mbiri ya Ayao linatuluka mu 1919, m'Chiyao ndi m'Chingerezi. Kenako kunabwera J. Clyde Mitchell, amene kuyambira mu 1946 anafufuza midzi ya Ayao kum'mwera kwa nyanja. Iye anaona kuti mudzi umamangidwa pa mbumba: alongo ndi ana awo, moyang'aniridwa ndi mchimwene wawo. Mwana akamwalira, abale ankapita kukaombeza, kuganizirana ufiti kunkayamba, mudzi n'kugawikana.

Apa mpamene ndimati wophunzira za chikhalidwe pasukulu yaukachenjede aphunzirenso filosofi. Agogo a m'midzi ija malungo ankawadziwa bwino. Chomwe ankafunsa n'chakuti: bwanji mwana uyu, osati wa mnzanga? Bwanji lero? Funso limenelo mankhwala a kuchipatala saliyankha, ndipo pamaliro kuno kwa Mponda limamvekabe.