MANGOCHI BOMA: TAWUNI YOBADWIRA PAKHOSI PA NYANJA

Achimwene ndi achemwali anga a kunyanja, dzulo adadi anandituma ku boma kukagula twaini wosokera ukonde. Pa wotchi yaitali ija pafupi ndi mlatho ndinapeza ana asukulu akujambulitsa atakwera pa mzinga wakale. Nditawafunsa kuti mzingawu unachokera kuti, onse anangoti kukamwa yasa. Inenso ndinakula chimodzimodzi, ndiye lero tikumbutsaneko.

Funso ndi ili: bwanji tawuni inamera pamenepa, osati ku Malindi kapena ku Makawa? Yankho ndi madzi. Apa ndi pomwe nyanja ya Malawi imatulukira kukhala Shire, n'kutsikira ku Malombe. Wogwira khomo limeneli ndiye ankalamula chilichonse chodutsa.

Mfumu Mponda ya Chiyao inazindikira zimenezi azungu asanabwere. Amalonda a minyanga ya njovu ndi akapolo opita kugombe la nyanja ya mchere ankaolokera pamudzi pake. Tisabise, ena mwa makolo athu anagulitsa, ena anagulitsidwa.

Mu 1891 Harry Johnston anamanga linga tsidya la kum'mawa, moyang'anana ndi kwa Mponda, n'kulitcha Fort Johnston. Sizinali zophweka ayi. Chaka chomwecho ankhondo a Makanjira anapha Captain Maguire, ndipo Jalasi anakana kugonja ku mapiri a ku Namwera mpaka 1895. Dzina loti Mangochi ndi la phiri la kumeneko. Mu 1897 boma linasamukira tsidya lino pomwe lili leromu.

Kenako linakhala doko. Sitima za nthunzi zinkakwera Shire kuchokera ku Matope kudzafika pano, katundu n'kupitirira kumpoto. Wotchi ija anaimanga mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Mzinga uja ndi wa sitima yankhondo ya Guendolen, yomwe mu Ogasiti 1914 inakaononga sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, tsidya la Tanzania. Pomwepo palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu Julaye 1946. Ife ana a asodzi tikudziwa mwera ukalusa, choncho podutsa pamenepo tizichotsako chipewa.

Ngakhale ndale zinadutsa pano. Mu Febuluwale 1965 Henry Masauko Chipembere ndi anthu ake anachoka ku Malindi n'kulanda boma la Fort Johnston usiku, koma ulendo wawo wa ku Zomba unathera pa doko la Liwonde. Dzina la Johnston linafufutidwa ufulu utabwera.

Nanga chinakulitsa tawuniyi n'chiyani sitima zitasiya kufika? Nsomba, abale. Chambo cha m'Shire ndi ku Malombe ndicho chinamanga nyumba zamalata, kulipira fizi, ndi kukoka magalimoto a ku Blantyre ndi Lilongwe. Kuonjezera apo kunabwera Maldeco, mahotela a m'mbali mwa nyanja, ndi mlatho wa Bakili Muluzi mu 2002. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 50,000 m'tawuni mokha.

Tsono apa ndi pomwe mtima wanga umawawa. Adadi amati kale kukoka khoka kamodzi kunkakwanira mudzi wonse, agalu omwe ankakhuta. Lero amachezera usiku wonse, n'kubwerako ndi kambuzi wosadzaza ndowa. Chambo cha ku Malombe tinachimaliza tokha ndi nkacha, maukonde a maso ang'onoang'ono ndi maneti a udzudzu, mpaka kukokolola udzu wa pansi pomwe nsomba zimaswerana. Anzanga amene ndinkapalasa nawo bwato theka ali ku Joni.

Mponda anapita, Johnston anapita, sitima zinapita, koma tawuni inatsala chifukwa madzi ankadyetsabe anthu. Nsomba zikatheratu, chidzatisunge pano n'chiyani? Nyanja akaitseka, tiyeni tiisiye ipume, ndipo neti ya udzudzu ibwerere pa bedi.

Amene wawerenga mpaka pano, tumizako ku gulu la kudoko kwanu. Ukadzafika ku boma, udzalowenso mu Lake Malawi Museum, si patali ndi wotchi ija.