Maloto Oopsa Pambuyo pa Zipolowe za ku Joni

Ku Capital Park

Capital Park ndi dera la mumzinda wa Pretoria. Lili kumpoto kwa tauni, pafupi ndi njanji. Chipatala chachikulu cha Steve Biko sichili patali. Amalawi ambiri mumzindawu amagwira ntchito m'makomo mwa anthu, m'mashopu ndi pa zomangamanga.

Zipolowe

Mu Meyi 2008 kunabuka zipolowe zothamangitsa anthu obwera, kuphatikizapo Amalawi. Zinayambira ku Alexandra, ku Johannesburg. Anthu 62 anaphedwa. Ku Pretoria, ena mwa othawa anakhala m'matenti ku Akasia. Mu Epulo 2015 zinabukanso ku Durban, ndipo boma la Malawi linatumiza mabasi okatenga anthu ake.

Usiku

Zipolowe zinatha, koma kwa ena mantha sanathe. Munthu amene anaona moto ndi zikwanje amatha kuzionanso kutulo. Amalota akuthamangitsidwa. Amadzidzimuka ali thukuta kamukamu, mtima ukugunda. Ena amafuula. Ena amaopa ngakhale kupita kukagona.

Kukacha amadzuka wotopa. Mutu umawawa, sachedwa kupsa mtima, ntchito siyenda. Akamwa mowa kuti apeze tulo, vuto limangokula.

Gwero lake

Ambiri amathamangira kunena kuti alodzedwa. Koma nthawi zambiri gwero ndi zoopsa zimene munthu anakumana nazo. Nkhawa ya mapepala, lendi ndi ana amene anatsala kumudzi nayonso imasokoneza tulo. Malungo amalotetsa zoopsa. Mankhwala enanso amatero, monga efavirenz, amene ambiri ankamwa m'ma ARV. Kuyambira mu 2019 zipatala za ku South Africa ndi ku Malawi zinayamba kupereka ena m'malo mwake. Musasiye mankhwala panokha. Kambiranani ndi anamwino.

Thandizo

Kulota zoopsa mwa apo ndi apo si matenda. Koma zikamachitika sabata ndi sabata, pitani kukiliniki. Alangizi amaphunzitsa njira iyi: masana, ganizirani lotolo, ndipo mulisinthe kuti lithe bwino. Libwerezeni mumtima tsiku lililonse. Ambiri athandizidwa nayo. Vuto likakula, madokotala amatumiza munthu kuchipatala cha matenda a maganizo cha Weskoppies, chimene chinatsegulidwa mu 1892.

Muzigona nthawi imodzimodzi. Chepetsani mowa ndi khofi madzulo. Ngati mnzanu wa m'nyumba amafuula kutulo, musamuseke. Muperekezeni kuchipatala.